Mzime, Chitini cha Mabatani ndi Mawu a Bambo Ake

Inu amene munalakwapo mayeso mpaka anthu n'kuyamba kukulozani ndi milomo, khalani pansi mumve za Mzime.

Mzime anali mwana womaliza wa a Telala, ndipo mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono. Mayeso omaliza a kusekondale anawalemba katatu, katatu konseko masamu n'kumugwetsa. Zotsatira zachitatu zitatuluka sanalire n'komwe. Anangobwerera m'kashopu ka bambo ake, kamene kanali chipinda cha kumaso kwa nyumba yawo, n'kupitiriza kusokerera mabatani pa malaya a makasitomala. Ntchito imene anthu ankati angaithe inali yokhayo.

Sabata isanathe, a Telala anagwa pampando wa makina osokera, ulusi uli kukamwa. Paja chakudza sichiimba ng'oma. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafooka, koma choopsa chenicheni chinali pakamwa. Bambo amene ankatha kukangana ndi kasitomala za kutalika kwa thalauza kuyambira m'mawa mpaka masana anabwerera kunyumba mawu onse atawathawa.

Tsiku lina analoza patebulo n'kunena movutikira kuti, "Sizasi." Mzime anathamanga n'kuwapatsa sizasi. Iwo anapukusa mutu. Anawapatsa ina yaikulu, iwo n'kuikankhira pansi. Chonsecho ankafuna madzi akumwa. Mzime atazindikira, anawagwirira kapu, bambowo akumwa misozi ikugwera m'madzi momwemo. Chibadwire anali asanawaonepo akulira, ndipo tsikulo anasowa mtengo wogwira.

Adokotala ophunzitsa odwala kulankhula anali atamulangiza kuti, "Mawuwo sanafe ayi. Ali m'mutumo, koma njira yake yatsekeka. Pakufunika munthu wowayeseza tsiku ndi tsiku. Ine ndiziwaona kamodzi pamwezi, odwala ngambiri."

Kenako anafika achimwene ake a Mzime, oyendetsa galimoto zikuluzikulu za katundu. Sanali munthu woipa, koma anali a mtundu uja woganiza kuti vuto lililonse limatha ukalikweza m'galimoto.

"Bambo ndikuwatenga," anatero. "Kwathu kuli chipinda chabwino, kuli wailesi ya kanema. Shopuyi titseke."

A Telala anamva zonse. Anatambasula dzanja lamanzere n'kugwira thabwa la makina awo osokera, osalisiya.

Mzime ankadziwa za kwa achimwene akewo. Eni ake amakhala pamsewu milungu iwiri, alamu ake amachoka m'mawa kubwera madzulo. Bambo akanakakhala okha tsiku lonse, opanda wowafunsa ngakhale dzina la kapu, ndipo njira ija ikanatsekekeratu.

"Achimwene, asiyeni. Ndiwaphunzitsa ndine."

"Iwe? Amene masamu anakugwetsa katatu?" Anamuyang'ana, n'kuyang'ananso dzanja lija pamakina. "Chabwino. Miyezi isanu ndi umodzi. Ndikadzapeza zili chonchi, palibenso zokambirana."

Mzime anayamba ndi timakadi ta zithunzi timene adokotala anamupatsa: kapu, chitseko, nsapato, singano. Tina anadula m'manyuzipepala, tina anajambula yekha, ngakhale mbuzi yake inkaoneka ngati tebulo. Ankaonetsa kadi, bambo n'kuyesa kutchula.

Patatha milungu itatu anakondwa kwambiri, poti a Telala ankatchula makadi khumi ondondozana. Adokotala anangotenga makadiwo n'kuwasakaniza, basi zonse zinabalalika. Bambowo anali ataloweza ndondomeko yake, osati mawuwo.

"Uzisakaniza, asamadziwe chimene chikubwera," anatero adokotala. "Koma ovutawo azibwera kawirikawiri kuposa osavuta."

Kunena n'kosavuta. Mzime akati asankhe yekha, chifundo chinkamulowa m'dzanja. Akaona nkhope ya bambo yagwa, dzanja linkapita lokha pa kadi ya kapu imene ankaidziwa kale. Anaona kuti wosankhayo afunika akhale wopanda maso.

Pashelefu panali chitini cha mabatani amene a Telala anatolera zaka makumi atatu. Mzime anawakhuthulira patebulo n'kupatsa kadi iliyonse mtundu wake wa batani. Kapu inatenga batani loyera, ndipo poti bambo ankaidziwa, anaponya limodzi lokha m'chitini. Singano, imene inkawavuta, inatenga mabatani ofiira, n'kuponyamo asanu. Akatero ankakhutchumula chitinicho, a Telala n'kupisamo dzanja lamanzere atatsinzina. Batani limene latuluka, kadi yake ndi imeneyo.

Bambowo anazikonda zedi, poti zala za telala zikakhudza batani zimakhala zafika kwawo. Koma makadi atafika makumi asanu ndi atatu, mitundu ya mabatani inatha, ndipo kuwerenga ndi kusintha mabataniwo kunkadya nthawi kuposa phunziro lenilenilo.

Loweruka lina kunabwera kasitomala wakale wa a Telala, mayi wa magalasi okhuthala amene pashopupo ankangomutchula kuti Amagalasi. Anabweretsa diresi yoti Mzime aichepetse m'chiuno. Anapeza chitini chikukhutchumulidwa, ndipo anaima pakhomo nthawi yaitali, diresi ili m'manja.

"Iwe, ofiirawa achulukiranji?"

"Ndi a mawu ovuta, mayi. Ndikufuna azituluka pafupipafupi, koma osadziwika kuti atuluka liti."

"Wakuphunzitsa ndani zimenezi?"

"Palibe. Ine sukulu inandikana."

Amagalasi anavula magalasi aja n'kuwapukuta. "Ine ndakhala ndikulemba mapulogalamu a kompyuta zaka khumi ndi zisanu. Chimene ukuchitachi ndi maere olemera mosiyana. Chinthu chilichonse chili ndi mwayi wotuluka, koma mwayiwo ukuupima ndiwe. Kuofesi kwathu alipo a madigiri amene zimenezi zimawazunguza mutu. Mwanawe, awa ndi masamu."

Mzime anayang'ana chitini chimene chinali pamiyendo pake. Masamu omwe aja, amene anamugwetsa katatu konse, anali atakhala naye patebulo milungu yonseyi iye osawazindikira.

Loweruka lotsatira Amagalasi anabwera ndi laputopu yakale, batire lake lakufa, yoti ukangogunda chingwe yazima. Anagwirizana kuti Loweruka lililonse masana azimuphunzitsa, iye aziwasokera.

Musaganize kuti zinayenda ngati madzi. Mzime ankalemba ndi chala chimodzi, akusakasaka chilembo chilichonse. Tsiku lina anataya masana onse chifukwa cha kadontho kamodzi kamene anaiwala. Kompyuta ilibe ulemu, ukalakwitsa imakuuza pomwepo ndi zilembo zofiira, ndipo kangapo konse anaitseka n'kunena kuti zimenezi n'za anthu a mitu yawo. Koma akacheuka ankaona bambo ali duu pafupi ndi makina awo, ndipo ankaitsegulanso.

Litafika tsiku lophunzira maere aja, Amagalasi anadzaza pepala lonse ndi zizindikiro. Mzime anayang'ana pepalalo, mutu uli gwa.

"M'kompyuta mulibe chitini," Amagalasi anayesanso. "Chimene imatha ndi kukupatsa nambala imodzi ya maere, pakati pa ziro ndi pamene wanena iwe. Ndiye nambala imodziyo itisankhire bwanji kadi?"

Mzime anadzuka pampando. Kenako anatenga tepi yoyezera ya bambo ake n'kuiyala patebulo.

"Bwanji kadi iliyonse ikhale ndi dera lake patepipa? Kapu inchi imodzi, kuyambira poyambirira mpaka pa wani. Chitseko mainchi awiri, mpaka pa fili. Singano mainchi asanu, mpaka pa eyiti. Kompyutayo itipatse nambala yosapitirira eyiti, ngati munthu waponya phini atatsinzina. Pamene yagwera, mwini derayo ndiye watuluka."

"Nanga makadi akakhala chikwi, mwini derayo umupeza bwanji msanga?"

Mzime anapinda tepi ija pakati, monga ankachitira bambo ake pofuna theka la chiuno. "Ndiona ngati phini ili mbali iyi kapena iyo. Mbali imene ilibe ndiitaya, yotsalayo ndiipindenso pakati."

Amagalasi anayang'ana tepi yopindidwayo. Kenako anatenga pepala lawo lija n'kulikwinya.

"Zimene wanenazi n'zimene zili m'mabuku," anatero motsitsa mawu. "Lemba."

Pulogalamuyo inali ya mizere yosakwana makumi atatu, ndipo inamutengera milungu iwiri. Itatheka anadina, pagalasi panatuluka chitseko. Anadinanso, singano. Anadinanso, singano yomweyo. Kenako anaiuza kompyuta kuti ichite maerewo kachikwi n'kuwerenga zotuluka. Singano inatuluka ka 631, chitseko ka 247, kapu ka 122.

Anabwereza. Manambala anasintha pang'ono, koma singano inali patsogolo ndithu, kapu kumbuyo, motalikirana monga anayezera patepi paja. Palibe munthu padziko, ngakhale iye amene analemba, akanadziwa kadi yotsatira. Koma maere chikwi akaikidwa pamodzi ankamumvera iye, Mzime wosokerera mabatani. Anakhala akudina mpaka tiyi wa bambo anazizira pambaula yozima.

Anajambula makadi onse ndi foni n'kuwalowetsa, ndipo posakhalitsa anafika mazana atatu. A Telala anayamba kudina okha ndi dzanja lamanzere. Mawu ankabwerera limodzilimodzi, singano nayo inagonja, adokotala n'kumagwedeza mutu mokhutira.

Mwezi wachisanu achimwene anaimba foni kukumbutsa za tsiku lawo, ndipo Mzime anagwidwa ndi phuma. Paja kuthamanga si kufika. Anawonjezera malamulo awiri osawauza Amagalasi. Loyamba, bambo akalephera liwu, kulemera kwake kuziwirikiza kawiri. Lachiwiri, liwu limene alikhoza lizipatsidwa ziro, lisamatayitse nthawi.

Liwu limene linakana linali supuni. Kaya inawalakwira chiyani a Telala, koma pakamwa pawo sinkatuluka. Lolemba inabwera kangapo. Lachiwiri inachuluka. Pofika Lachitatu, akadina ndi supuni, akadinanso ndi supuni. Bambowo ankayesa mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka, galasi n'kuwabwezera supuni yomweyo. Potsiriza anatseka laputopuyo pang'onopang'ono, anakwawira kuchipinda n'kugona atayang'ana kukhoma.

Masiku asanu anakana kudzuka kukaphunzira. Ngakhale kapu, imene ankaitchula bwinobwino, anasiya kuitchula. Kunali kutatsala milungu itatu kuti achimwene abwere.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi m'mawa, Mzime anatsegula mndandanda wa manambala kuti aone chimene chinachitika. Supuni inali pa 2,048. Mawu ena ovuta anali pa folo, pa eyiti. Ndipo mawu oposa zana limodzi, onse amene bambo anawavutikira miyezi yonseyi mpaka kuwakhoza, anali pa ziro. Patepi paja analibe dera ngakhale la m'lifupi mwa ulusi, choncho sakanatulukanso mpaka kalekale.

Apo m'pamene anakumbukira mphunzitsi wina wa masamu amene ankamuitanira kubolodi tsiku lililonse pa samu yomweyomweyo imene inkamukanika, kalasi yonse ikuseka. Sanamufunsepo ngakhale kamodzi chinthu chimene ankachidziwa. Chaka chisanathe Mzime anali atakhulupirira kuti m'mutu mwake mulibe kanthu, n'kuyamba kulephera ngakhale zimene ankazitha kale.

Analira kwambiri m'mawa umenewo, chifukwa zimene zinamuphwanya iye n'zimene anawachitira bambo ake, ndi manja ake omwe, m'mizere iwiri yokha.

Atapukuta misozi anafufuta mizereyo n'kulemba ina. Liwu lililonse, livute bwanji, lisapitirire pa faifi. Liwu lililonse, liphweke bwanji, lisatsike kufika pa ziro. Ndipo munthu akalephera kawiri motsatizana, mawu amene amawadziwa azilemera kwakanthawi, kuti apume pa chinthu chake. Lamulo lachitatuli silinachokere m'buku lililonse. Amagalasi ataliona anati iwo sakanaliganiza, poti sanalepherepo mayeso.

Mzime ananyamula laputopu n'kukakhala pansi pafupi ndi bedi.

"Ababa, ndinalakwitsa ndine, si inu ayi. Mawu amene mumawadziwa ndi oposa zana, koma ine ndinawabisa. Ndikhululukireni."

A Telala sanatembenuke. Mzime anadina yekha. Patapita nthawi bambowo anasuzumira ndi diso limodzi. Pagalasi panali singano.

"Singano," anatero ndi mawu okhwinyata, ngati akukalipira kasitomala.

Anadzuka n'kukhala tsonga, nakoka laputopuyo kuti ikhale mbali ya dzanja lawo.

Achimwene anafika tsiku lomwe ananena, atanyamula chikwama chachikulu chopanda kanthu. Mzime anawakhazika patebulo pamodzi ndi bambo n'kuyatsa laputopu.

"Ndikudziwa zimenezi," anatero achimwenewo. "Wawaloweza ngati chinkhwe makadi khumi, ndiye undionetse omwewo."

"Muli makadi mazana atatu umu, achimwene. Chimene chituluke sindichidziwa ine, sachidziwa bambo. Dinani nokha."

Anadina ndi chala chawo chachikulucho. Panatuluka nsapato, a Telala n'kutchula. Panatuluka zenera, anatchula. Njinga inawavuta, koma anailimbana nayo mpaka inatuluka. Kachinayi kunabwera supuni.

A Telala anaiyang'ana supuniyo. Anayesa kamodzi, kawiri. Kenako anaikupiza ndi dzanja ngati ntchentche.

"China," anatero.

Achimwene anaseka mosafuna, n'kudinanso. Pa zithunzi khumi, bambo anakhoza zisanu ndi ziwiri.

Mkuluyo anakanda mutu. Zinamukhudza, koma chikwama anali atabwera nacho kale. "Wayesetsa, Mzime, sindikukana. Koma munthu sangakhale moyo ndi nsapato, zenera, njinga. Akadwala usiku anena bwanji? Ababa, tiyeni ndikakusungeni."

A Telala anakankhira laputopu pambali. Anamuyang'ana mwana wawo wamkuluyo m'maso, napuma mozama. Zimene zinatsatira sizinali pa kadi iliyonse mwa mazana atatu aja, ndipo liwu lililonse linkatuluka ngati akulikoka pachitsime.

"Ine... sindipita. Kwathu... ndi pano." Anatembenuka n'kuika dzanja lamanzere pamutu pa Mzime. "Uyu... mwana wanga. Mutu... ulipo."

Achimwene anakhala pansi pachikwama chawo chija n'kuphimba nkhope ndi manja. Zaka makumi awiri ndi zitatu Mzime anali asanamvepo munthu akunena zimenezo za iye, ndipo amene anazinena anali bambo amene iye ndi adokotala okha ndiwo ankakhulupirira kuti adzalankhulanso.

Adokotala aja anapempha pulogalamuyo kuti ayesere odwala ena, ndipo lero ili m'mafoni a mabanja ambiri amene Mzime sadzawaona n'komwe. Iye amagwira ntchito muofesi imodzi ndi Amagalasi, ndipo a madigiri akasokonezeka amabwera pa desiki yake. A Telala sasokanso, koma amakhala pakhomo la shopu n'kumadzudzula mathalauza a anthu odutsa, liwu limodzilimodzi, mosaphonya.

Tsono inu amene mwawerenga mpaka pano, mwina nanunso muli ndi chinthu chimodzi chimene chinakukanikani, ndipo mwachilola kuti chikule mpaka chadzaza moyo wanu wonse. Mukadzuka ndi chomwecho, mukagona ndi chomwecho. Chipatseni malire. Chiyeseni ndithu, mawa muchiyesenso, koma muzikumbukira ndi zina zija zimene mumazitha, poti nazonso n'zanu. Ndipo kaya anthu anena zotani, inu musadzilembere ziro, chifukwa chimene chili pa ziro sichituluka ngakhale maere atachitika kachikwi. Dzisiyireni mpata, ngakhale waung'ono ngati batani limodzi m'chitini, ndipo pisaninso dzanja. Mtima wokhawo musautaye.